Ba Lameki ndi Kaseti ya Linthumbu ku Betelehemu

Ba Lameki Sakala tinawaika m'manda mwezi wa Juni, tsiku la mphepo ija ya ku Chawama, komboni yathu ya mu Lusaka, imene imakuthira fumbi mpaka m'mano. Ambiri amene anabwera pamaliro ankawadziwa ngati mkulu wolemba zikwangwani, chifukwa kuyambira kumsika mpaka kunjanji kunalibe kantemba, kagolosale ka m'mbali mwa njira, kamene dzina lake silinatuluke m'dzanja lawo. Koma kumbuyo kwa gulu kunaima madala angapo amene sitinkawadziwa, ovala majekete achikopa osupuka m'zigongono. Mmodzi wa iwo atapatsidwa mpata wolankhula anangoti, "Aba bamudala bakagwila maikolofoni, malata yanali kunjenjemela," n'kukhala pansi. Achinyamata anaseka poganiza kuti ndi mowa ukulankhula. Ine sindinaseke, chifukwa malatawo ndinawamvapo akunjenjemera.

Anali alamu anga, amuna a akulu anga Ba Esinala, ndipo ndinakhala nawo pa yadi imodzi kuyambira pamene ndinachoka ku Katete. Akangodzuka ankatenga kapu ya madzi ofunda amchere, n'kupita kuseri kwa nyumba kukachukucha pakhosi nkhope ili kumwamba. Akalavula ankatulutsa mfuu imodzi yaitali, yoyambira pansi pa mimba n'kukathera pamwamba ngati ya munthu amene waponda khala la moto. Ochita lendi atsopano ankatuluka ndi zibonga poyesa kuti kwalowa akuba. Akale ankangodzutsa ana kuti nthawi ya sukulu yakwana. Ukawafunsa kuti akukonzekera kukaimba kuti, popeza bandi imene ankaimbamo inatha kalekale, ankayankha kuti khasu salinola mvula itagwa kale.

Khutu lakumanzere linafa chifukwa choima pafupi ndi masipika, motero ukamalankhula nawo ankapendeketsa mutu ngati nkhuku yoyang'ana mphamba, ndipo ngakhale nkhani yachinsinsi ankaikamba mokweza mpaka a nyumba yakutsidya kumva. Tsitsi linayoyoka pakati n'kutsala m'mbali, koma lotsalalo ankalitukula ndithu ndi chipeso kuti liime. Nsapato zawo zazitali za masiku a bandi zinapita kwa wosoka kambirimbiri mpaka pansi pake panatsala tayala lokhalokha. Pantchito analinso ndi makani awo. Mnyamata wina amene anachotsedwa ntchito kampani yawo itatsekedwa anabwera kuti amulembere pa kantemba kake mawu akuti zonse n'chabe. Ba Lameki anakana. Anati munthu wogulitsa sopo ndi makandulo sayenera kutaya mtima pakhoma, anthu onse akuwerenga. Mnyamatayo anapsa mtima n'kupita, koma mawa lake anabweranso ndi dzina la mwana wake, ndipo ndilo linalembedwa.

Bandi yawo inkatchedwa Linthumbu. Anaiyamba ndi mnzawo wa kumudzi, Ba Daisoni, amene ankaimba ng'oma. Awiriwa anakulira limodzi pasukulu ya mishoni, ndipo onse anathamangitsidwa m'kwaya tsiku limodzi: Ba Daisoni chifukwa chogogoda benchi pakati pa nyimbo, Ba Lameki chifukwa chobangula pamene buku linkafuna kuti aimbe motsitsa. Anafika ku Lusaka mkuwa ukadali pamtengo wabwino, anyamata akuvala mabuluku otambalala kumapazi, ndipo anaimba nyimbo za roko m'maholo a ku Matero mpaka ku Kopala, kumigodi ya mkuwa. Kenako zinthu zinatembenuka. Anthu anayamba kufola pamzere wa unga ndi saladi wophikira ndiwo, mawaya a gitala anasowa m'masitolo, eni mabala anaona kuti munthu mmodzi woika malekodi ndi wosavuta kuposa bandi yonse yofuna chakudya. Anzawo ena anabwerera kumudzi, ena anamwalira. Ba Daisoni anapita kukaimba rumba m'hotela ya m'tauni, atavala tayi ya gulugufe. Ba Lameki anakutenga kumeneko ngati kugulitsa mtundu. Analamula kuti dzina la mnzawoyo lisamvekenso pa yadi, ndipo akafuna kumutchula ankangoti wa tayi uja.

Ndi mpingo nawonso sankamwerana madzi. Ba Esinala anali a Chigwirizano, gulu la amayi a mpingo, ndipo Lamlungu lililonse amuna awo ankawaperekeza mpaka pachipata cha tchalitchi, n'kukhala pamwala panja kumvetsera kwaya. Anthu akamatuluka ankadikirira Amayi Jere, mtsogoleri wa Chigwirizano amenenso ankayambitsa nyimbo, kuti awauze kuti aikoka nyimbo ngati ng'ombe yokana kulowa m'dibi. Amayi Jere ankayankha kuti sangaphunzire kutamanda Mulungu kwa munthu amene anakalambira m'mabala. Ankatero sabata ndi sabata, ndipo ndikhulupirira kuti mmodzi akanasiya, onse awiri akanadwala.

Nkhani ya kaseti inayamba ndi wilibala. Chinali chaka chovuta, makampani akutsekedwa, maliro ali pafupifupi mseu uliwonse chifukwa cha matenda aja amene masiku amenewo sitinkawatchula dzina. Kondakitala wina anauza Ba Lameki kuti Ba Daisoni ali gone ku komboni ya Misisi, m'kachipinda kakuseri kwa achibale, chakudya akuchita kuwakankhira pakhomo ndi ndodo. Ba Lameki anatsuka maburashi, anabwereka wilibala kwa wogulitsa makala, amene kuno timati malasha, n'kunyamuka. Dzuwa likupendeka tinawaona akubwera m'mphepete mwa njanji, thukuta lili kamukamu, m'wilibala muli munthu wofunda bulangete, miyendo yonga bango ikulendewera kutsogolo.

Ba Esinala anasiya makina awo osokera n'kuimirira pakhonde.

"Atate ake Tisa, muli na nzelu? Bana bazagona kuti? Banthu bazakamba chani?"

"Bakambe, pakamwa ni pawo."

"Si ndimwe munakamba kuti dzina yake isamveke pano?"

"Dzina ndiye n'nakana, munthu sin'nakane. Amake Tisa, telekani madzi, asambe."

Madziwo anateleka, koma kwa masabata sanalankhule nawo amuna awo kupatula za mchere ndi malasha. Ndipo sindingawanene akulu anga, chifukwa zimene ankaopa zinachitikadi. Amayi amene ankabweretsa nsalu zoti awasokere anayamba kudutsa ndi mitolo yawo kupita kwa telala wina. Kumpope anthu ankatisiyira malo ambiri kuposa amene tinkafuna. Ba Esinala anapatula kapu ndi mbale ya wodwalayo n'kuzimanga kansalu kofiira. Ba Lameki ataona, anayamba kumwera tiyi wawo m'kapu yomweyo, atakhala pakhonde poonekera.

Ba Daisoni ankagona pamphasa m'chipinda chochezera. Masana ena, ndikuchapa kuseri, ndinamva mbale yachitsulo ikulira mwadongosolo, ngati wina akuigogoda ndi zala. Kenako kunamveka mawu ofooka akung'ung'udza nyimbo ija ya abusa a nkhosa imene tonse tinaiphunzira tili ana. Burashi ya Ba Lameki inaima. Patapita kanthawi ndinamva iwonso alowa pansi pake, motsitsa, mawu amene sindinkadziwa kuti ali nawo. Anaimba imeneyo, anaimba ya mwana wogona modyera ng'ombe, anaimba ya anzeru a kum'mawa. Nyimbo za Linthumbu Ba Daisoni anali ataziiwala zambiri, matenda atawasokoneza mutu, koma za kumishoni zinali zonse, ndime ndi ndime.

Madzulo ake Ba Lameki anatiitana ine ndi akulu anga n'kutiuza kuti ajambula kaseti ya nyimbo za Khrisimasi, ndipo wa ng'oma ndi Ba Daisoni.

"Ba mulamu," ndinatero ine, "Khrisimasi mu Seputembala?"

"Uyu sazafika Disembala ali na mphamvu. Ngati sangayende kufika ku Khrisimasi, Khrisimasi ndiye izabwela kwa iye. Banthu bamuona pamphasa, baiwala kuti ni wa ng'oma. Nifuna bamumvele."

Kuyambira tsiku limenelo palibe chimene chinawabweza. Gitala anaitulutsa pansi pa bedi ili ndi mawaya osakwanira, ndipo osowawo anawapanga pomasula waya wa mabuleki a njinga. Ampulifaya yokwezera mawu anakabwereka kwa mlaliki wina wa pamsika atamulembera chinsalu cha msonkhano. Ng'oma zakale za Linthumbu anazipeza m'chipinda chosungira makreti m'bala ina ku Matero. Minibasi zitakana kunyamula ng'oma yaikulu ija yoponda ndi phazi, anaisenza pamutu kudutsa m'tauni monse, ana akuwatsata n'kumaigenda timiyala kuti ilire. Anapezanso Ba Chanda, munthu wa ku Matero komweko amene anali ndi makina ojambulira mawu, ndipo anamukakamira mpaka anavomera kubweretsa makinawo ku Chawama, popeza wodwalayo sakanatha kukwera galimoto.

Chimene chinawavuta kwambiri chinali kwaya. Lamlungu lina sanaime pamwala paja. Analowa pachipata, nsapato zazitali zikugogoda simenti, n'kukapempha akulu a mpingo kuti awabwereke amayi oimba. Akuluwo anawamvetsera mwaulemu n'kukana. Anati nyimbo zopatulika sizingakwere pa gitala ya m'mabala. Za wodwalayo sanatchule, koma tonse tinadziwa kuti zinali m'katimo. Amayi Jere analengeza kuti mayi aliyense wa Chigwirizano amene akaimbe nawo adzavula yunifolomu. Ba Lameki anabwera kunyumba nkhope ili gwa, n'kundiloza ine.

"Mulamu, iwe suli wa Chigwilizano. Uli na pakhosi. Leta banzako ba kumsika."

Ndinabweretsa anzanga awiri ogulitsa salaula, zovala za kaunjika. Mmodzi ankaimba bwino, winayo ankangokweza.

Nyumba yathu inalibe magetsi. Ba Lameki anagwirizana ndi mwini chigayo cha pafupi kuti akoke waya kuchokera kumeneko, komanso kuti chigayocho chiime kufikira titamaliza, chifukwa chikamalira ngakhale makapu ankavina pashelefu. Tsikulo linali la mu Okutobala, kutentha kosaneneka. Mazenera tinatseka ndi matilesi, m'makoma tinapachika mabulangete, ndipo m'chipindamo munali ngati mu uvuni. Ba Daisoni tinawakhazika pampando, n'kuwamangirira ndi chitenje m'chifuwa kuti asagwe. Atawapatsa timitengo, manja aja owonda anadzuka okha. Anagunda ng'oma yaing'ono kamodzi, ndipo Ba Chanda anatukula mutu n'kuyang'ana bwinobwino munthu amene ankamuyesa mtembo.

Koma phazi linakana. Ng'oma yaikulu imafuna kuponda kosalekeza, ndipo mwendo wa Ba Daisoni unkaponda pang'ono n'kuyamba kunjenjemera. Tinayamba nyimbo, inafera panjira. Tinayambanso, chimodzimodzi. Potsiriza anaika timitengo pamiyendo.

"Lameki, vakanga. Sakila wina."

"Wina kulibe," anatero Ba Lameki. "Kaseti iyi ili na wa ng'oma mmodzi. Tizakhala muno mpaka mwendo uvomele."

"Sungavomele. Niumvela ine mwine wake."

Thukuta linkangotsika. Ba Esinala anali ataima pakhomo nthawi yonseyi manja ali m'chiuno, osalowa, osachoka. Kenako anapita pakhonde, anatenga kampando ka pamakina awo osokera, n'kukayika pambali pa Ba Daisoni, pafupi kwambiri moti mapewa awo anagundana. Anavula patapata n'kuika phazi pa chopondera cha ng'oma.

"Niuzeni chabe poyambila," anatero osayang'ana amuna awo. "Phazi iyi iponda makina kuchoka m'mawa mpaka madzulo. Siilema."

Ba Daisoni anaseka mpaka kutsokomola. Atapuma anati, "Mulamu, muziponda monga munthu woyenda ku chikwati, osati wothawa ngongole." Anawagunda pabondo ndi kamtengo kuwapatsa liwiro, ndipo ng'oma yaikulu inayamba kugunda, yosaphonya, yosathamanga.

Ba Lameki anayamba motsitsa ngati mwana wa kwaya, maso ali tsinzi. Ndime yoyamba inatha choncho. Pofika pamene angelo akuuza abusa uthenga, anaponda kabokosi kamene kanali pansi, gitala inalira mokalipa ngati chitsulo pa chinolo, ndipo anatsegula pakhosi ponse. Malata ananjenjemeradi. Fumbi la padenga linatigwera m'maso, mnzanga wina anaiwala kuimba n'kungogwira pakamwa. Sikunali kunyoza nyimbo, monga ankaopera akulu a mpingo. Anaiimba ngati munthu amene wauzidwa nkhani yabwino ali pakati pa maliro ndipo wasankha kuikhulupirira.

Panja zinthu zinali zitaipa. Amayi anali atafola ndi matumba a chimanga pachigayo chosalira, padzuwa, ndipo pakati pawo panali Amayi Jere. Titamaliza nyimbo ina, matilesi a pazenera anasuntha, n'kutulukira nkhope yawo.

"Ba Sakala, bana bathu bazadya gitala lelo?"

Anafuna kupitiriza, koma maso awo anagwa pa Ba Daisoni omangidwa ndi chitenje, kenako pa Ba Esinala, phazi lili pa ng'oma. Atatsegulanso pakamwa anati, "Ndipo mwalumpha ndime. Ya nyenyezi ibwela pambuyo pa ya mfumu."

"Ndiye lowani mutitsogolele, mayi," anatero Ba Lameki.

"Ine muno siningalowe."

Sanalowedi. Matilesi anabwerera pamalo pake. Koma titayambiranso nyimboyo, pofika pa ndime imene tinalumpha, kunja kunamveka mawu okwera, akuthwa, amene aliyense wa ku Chawama ankawadziwa, ndipo pambuyo pake amayi a pamzere wa chigayo analowa onse. Ba Chanda anakweza dzanja kuti aimitse makina. Ba Lameki anapukusa mutu mwamphamvu, anasendera kuzenera akuimbabe, n'kugwetsa matilesi ndi chigongono. Mawu aja analowa limodzi ndi mphepo ndi kulira kwa ana a kumbuyo, ndipo zonsezo zilimo m'kasetiyo. Amayi Jere anakana mpaka imfa yawo kuti sanali iwo. Ankati mwina ndi mng'ono wawo, amene tonse tinkadziwa kuti anali ku Petauke.

Nyimbo yomaliza sitinaijambule. Magetsi anazima dera lonse titangoiyamba, ndipo mawa lake Ba Daisoni sanathenso kukhala pampando. Ba Chanda anati apeze mnyamata wina amalize, kapena aimbe ndi gitala yokha kuti mbali yachiwiri idzaze. Ba Lameki anakana zonse ziwiri. Mpaka lero mbali yachiwiri ya kasetiyo imathera panjira, n'kutsala tepi ikungozungulira.

Chikuto anajambula okha: mzere wa linthumbu ukulowera kukhola la ng'ombe, pamwamba nyenyezi, pansi mawu akuti Linthumbu ku Betelehemu. Akulu a mpingo atachiona anakwiya koposa, ndipo Ba Esinala anawavula yunifolomu kufikira Pasaka. Akulu anga sanabise kuti zinawapweteka. Anauza amuna awo kuti ng'omayo anaiponda chifukwa cha wodwala, osati chifukwa cha makani a mwamuna wosamva, ndipo mawu amenewo sanawabweze. Kapu ija ndiyo anaimasula kansalu.

Kaseti yoyamba itafika, tinaiika mu wailesi pafupi ndi mphasa. Ba Daisoni anamvetsera yonse maso ali kudenga. Itatha anati, "Ng'oma mwaziika pansi maningi. Gitala yako yadya vonse, monga kale."

"Ng'oma zili bwino. Ni makutu yako."

"Makutu yanga? Gonthi ni ndani pano?"

Anakangana mpaka Ba Esinala anawaopseza kuti awathira madzi onse awiri. Ba Daisoni anamwalira mvula yoyamba itangogwa, Khrisimasi isanafike. Achibale a ku Misisi anabwera mochedwa n'kukhala patali. Amene anasambitsa thupi anali Ba Lameki.

Kasetiyo sinawalemeretse. Anyamata a pamsika wa m'tauni anaikopera n'kumaigulitsa m'timabokosi topanda chikuto, ndipo Disembala aliyense inkalira m'maminibasi anthu osadziwa kuti oimbawo ndani. Chimene chinawawawa Ba Lameki n'chakuti dzina la wa ng'oma silinkaoneka. Ankanyamuka ndi kaburashi kakang'ono ndi kachitini ka penti, n'kuyenda tebulo ndi tebulo. Anyamatawo poyamba ankabisa katundu poyesa kuti mdalayo wabwera ndi apolisi. Iwo ankangokhala pansi, n'kutenga makasetiwo imodzi imodzi, n'kulembapo kuti ng'oma Daisoni Mbewe ndi Esinala Sakala. Anachita zimenezi chaka ndi chaka mpaka anyamatawo anazolowera, ena n'kumawasungira mpando.

Sanajambulenso china. Mitengo ya penti inakwera, anthu anayamba kulemba okha zikwangwani ndi makala, maso awonso anayamba kuchita nkhungu, koma ntchito sanaisiye. Chifuwa chimene chinawatenga chinayamba nyengo yozizira itangolowa. Tsiku lomaliza limene ndinawaona ali tsonga, anandifunsa ngati ndikudziwa mnyamata woimba gitala ya besi, chifukwa anali ndi maganizo a nyimbo za Pasaka. Ndinawauza kuti ayambe achira. Anati ndikulankhula ngati akulu a mpingo.

Kumapeto kwa yadi kuli kashedi ka malata kamene ankagwiriramo ntchito. Akulu anga akufuna kukachititsa lendi kwa mtsikana wina woluka tsitsi, ndiye sabata yatha tinakatsegula kuti tisese. Tinatulutsa zitini zouma, matabwa ndi nsanza zolimba ngati chikopa. Khoma limene ankapukutirapo maburashi lakhuthala ndi penti moti ukhoza kuitchola ndi chala. Pansi tinakolopa ndi sopo, tinapala ndi khasu, osatheka: simenti yonse ndi madontho ofiira, obiriwira, achikasu, ena pamwamba pa anzawo. Malo oyera ndi apakati pokha, pamene panali mpando wawo, ndi patsogolo pake pamene ankaponda, mapazi awiri otalikirana pang'ono. Mtsikanayo anati adzayalapo kapeti. Ba Esinala anayang'ana pansipo nthawi yaitali, kenako anamuuza kuti abwere mwezi wamawa.